Malipenga a ku Likoma safuna masipika

Akonzi,

Tipatseniko danga m'nyuzipepala yanu tinenepo za zisangalalo za pa zilumba za Likoma ndi Chizumulu. Kalatayi ikuchokera ku Harare, kwa ana ndi adzukulu a anthu a kunyanja amene anabwera kuno nthawi ya Mthandizi, bungwe lija lotenga anthu kudzagwira ntchito kuno, ndi pambuyo pake, ena kudzakhala makalaliki, ena ophika, ena a m'migodi. Ntchito yathu ndi yopanga malipenga, kukunga ng'oma ndi kuphunzitsa mapazi. Chatidzutsa ndi chizolowezi chimene chafala masiku ano. Anthu akati akufuna kutukula chikhalidwe cha pachilumba, ndalama zimathera pa nsanja, jenereta, masipika ndi woimba wochokera m'tauni, pamene eni gule amapatsidwa mphindi 10 dzuwa lili paliwombo, alendo asanakhale n'komwe pansi. Akatero amadandaula kuti gule wafooka. Ife tikuti vuto lili pa kaitanidwe, ndipo kaitanidwe koyenera kali ndi mfundo zake zodziwika.

Tikumbutsane kaye kukula kwa malo. Likoma ndi chilumba cha masikweya kilomita 18, Chizumulu pafupifupi 3 basi. Kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira pang'ono 14,000 pa zilumba ziwirizi. Gombe la Mozambique lili pafupi, Cobue amaoneka ndi maso, pomwe ku Nkhata Bay ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 70 pamadzi. Pamalo otere wovina ndi yemweyo msodzi, ndi yemweyo wa kwaya ya ku tchalitchi, ndi yemweyonso womenya mpira Loweruka. Palibe gulu la anthu ongokhalira kusangalatsa anzawo. Wofuna gule ayambe wafunsa kuti anthuwo apezeka liti, ndipo oyankha funsoli ndi atatu: mwezi, mphepo ndi sitima.

Usipa amaupha usiku ndi nyali. Wa sigina amatsogola ndi kabwato ka nyali, nsomba zimasonkhana pa kuwalako, a ukonde wa chilimira n'kuzinga. Ntchitoyi imayenda mwezi ukakhala kumdima. Mwezi ukawala wathunthu nyanja yonse imayera, nsomba zimabalalika, nyali sizikoka kanthu, ndipo asodzi ambiri amakhala kumtunda kusoka maukonde. Masiku anayi kapena asanu amenewo ndiwo a gule. Mukaika mwambo pa mdima, mudzapeza mzere wa anthu 12 m'malo mwa 40, ndipo 12 omwewo maso ali psuu chifukwa agona pamadzi. Kupeza tsiku la mwezi wathunthu sikulira ndalama, pafupifupi foni iliyonse imaonetsa, ndipo nkhalamba ya pagombe ikuuzani osayang'ana n'komwe foniyo.

Mphepo nayo siseweretsedwa. Mwera umawomba kuchokera kummwera chakum'mawa nyengo yozizira, makamaka Juni, Julayi ndi Ogasiti, ndipo ukakwiya mabwato ang'onoang'ono sawoloka pakati pa Likoma ndi Chizumulu kwa masiku angapo. Nyanjayi inameza Bishopu Chauncy Maples mu 1895 ali paulendo wa ku Likoma, ndipo sitima ya Vipya inamira mu Julayi 1946. Tsono onani pamene masiku akuluakulu agwera: tsiku la Petro Woyera, mwini tchalitchi chachikulu, ndi 29 Juni, ndipo la ufulu wa dziko ndi 6 Julayi. Onsewa ali m'kati mwa mwera. Pa masiku amenewa dalirani magule a pachilumba pomwepo. Mpikisano wofuna alendo a kutsidya uikeni mwera utagwa, kumapeto kwa Seputembala kapena mu Okutobala mvula isanayambe, kapenanso nyengo ya Khrisimasi ndi Chaka Chatsopano pamene a kutali abwera kwawo, ngakhale pamenepo muyenera kuchenjera ndi mvula ndi mphepo ya mpoto. Za sitima n'zachidule: Ilala, imene yakhala panyanjayi kuyambira 1951, imadutsa kamodzi pa sabata popita kumpoto ndi kamodzi pobwerera. Mwambo ukhale pakati pa maulendo awiriwo, ndipo musauike tsiku lenileni lofika sitima, chifukwa tsiku limenelo chilumba chonse chimakhala kudoko ndi matumba a nsomba, ufa ndi katundu wa m'magolosale.

Tifike pa gule weniweniyo. Malipenga anabadwa potsanzira perete wa asilikali a King's African Rifles, amene makolo ankati a Keyala, anthu atabwera ku nkhondo ya 1914 mpaka 1918. N'chifukwa chake gulu lovina limatchedwa boma, ndipo lili ndi maudindo ngati a usilikali: kingi, kaputeni, sajeni, dokotala ndi namwino. Awa si maina ongokometsera. Kingi salowa m'bwalo mwachisawawa, amalandira alendo ndi kuweruza milandu ya m'boma. Kaputeni ndiye mwini wenzulo, ndiye amasintha mapazi. Dokotala ndi namwino amayendera mizere asanalowe, kuyang'ana zikhadabo, kolala, masokosi ndi mpweya wa m'kamwa, ndipo womwa mowa amamukhazika pambali. Okonza mwambo akalumpha maudindowa n'kukambirana ndi mnyamata mmodzi wa foni yabwino, boma limabwera lopanda mwini, ndipo mkangano wa ndalama umayamba gule asanathe.

Lipenga lenilenilo ndi chikho, ndipo pano tikhalitsapo chifukwa ndi pamene luso likutha. Sankhani chikho cha khosi lalitali, chimene chakhwimira pamtengo wake mpaka phesi litauma. Chothyola chosakhwima chimafota n'kukwinyika, mawu ake amamveka ngati munthu wa chimfine. Chiumitseni pamthunzi podutsa mphepo kwa milungu 4 mpaka 6, mpaka njere zizilira mukachigwedeza. Padzuwa chimauma msanga koma chimang'aluka. Kenako dulani kumimba kuti kukhale kukamwa kotulukira mawu, mudulenso kansonga ka kukhosi kuti patsale kabowo kolowa chala chaching'ono. Thirani madzi m'kati, chikhale masiku awiri kapena atatu kuti zowawa za m'kati zivunde, n'kuzipala ndi supuni yakale kapena waya wopinda. Mukasiya zam'katizo zimameza mawu, zimaitananso anankafumbwe.

Bowo loimbirapo limakhala m'mbali mwa khosi, zala ziwiri kapena zitatu kuchokera kunsonga. Liboole ndi msomali wootcha pamoto, osati ndi mpeni, chifukwa mpeni umatsata mtsempha wa chikho n'kuching'amba. Likuzeni pang'onopang'ono mpaka milomo izikhala bwino popanda mpweya kuthawira m'mbali. Kunsonga kuja ndiko kumamatidwa nembanemba. Makolo ankagwiritsa ntchito kathumba koyera ka mazira a kangaude, kaja kamamatirira pakhoma kapena kudenga la udzu. Amakasenda mosamala, kukayala pabowo, n'kukamata m'mbali ndi malovu kapena phula la njuchi. Lero nyumba zambiri n'zamalata ndi zopaka laimu, akangaudewo achepa, ndiye ambiri amadula kapepala ka pulasitiki kopyapyala kwambiri, kaja kolira tsekeretsekere, n'kukamanga ndi ulusi kapena kalabala. Jumbo yokhuthala sigwira ntchito. Pulasitiki imalimba koma mawu ake ndi owuma. Kangaude mawu ake ndi onona koma sachedwa kuboola, choncho woimba aliyense azikhala ndi tina tiwiri tapadera m'kabokosi ka machesi.

Cholakwika chachikulu cha ophunzira n'kuuzira ngati lipenga la mkuwa. Chikho sachiuzira, amaimbiramo. Mawu amachokera pakhosi, nembanemba n'kunjenjemera, chikho n'kukuza. Wouzira mwamphamvu amangophulitsa nembanemba. Likakana kulira, zifukwa zimakhala zitatu kawirikawiri: nembanemba yakungika kwambiri, yanyowa ndi malovu n'kulendewera, kapena chikho chili ndi mng'alu wosaoneka. Mng'alu mumaupeza potseka kukamwa ndi chikhatho n'kuuzira utsi m'kati, pamene utsi watulukira mumate ndi phula. Boma labwino limakhala ndi zikho za misinkhu itatu, zing'onozing'ono za mawu okwera, zapakati zonyamula nyimbo, ndi zikuluzikulu za besi. Pa zikho 12, zitatu zikhale za besi. Zikachepa nyimbo imauluka yopanda tsinde, zikachuluka mawu a nyimbo samveka.

Ng'oma yaikulu ya malipenga ndi ya nkhope ziwiri, yotengera ya asilikali ija, ndipo pambali pake pamakhala yaing'ono yothamanga. Pachilumba mtengo wosema ng'oma ndi wosowa. Milambe ilipo yambirimbiri koma thupi la mlambe ndi lofewa ngati chinkhupule, silisemeka. Mitengo, ngakhale nkhuni zimene, zimachokera kutsidya ku Mozambique, n'chifukwa chake ena amadula mgolo wachitsulo. Mgolo ulibe vuto malinga mupinde m'mphepete mwake, apo ayi chitsulo chimadya chikopa mwezi usanathe. Chikopa cha mbuzi chimalira mokwera ndipo chimapezeka msanga, cha ng'ombe chimalira mozama ndipo chimakhalitsa. Chikhomeni ndi zikhomo pamthunzi chikangosendedwa, chipakeni phulusa, mupale mafuta onse. Chokhala ndi mafuta chimanunkha ndipo makoswe ndi agalu sachisiya. Tsiku lokunga chiviikeni usiku wonse, muchikunge chili chonyowa, ndipo pokoka zingwe muzilumpha, uku kenako kutsidya kwake, osati kuzungulira motsatana, kuopa kuti chingapendekere mbali imodzi. Chiume pamthunzi masiku atatu kapena anayi musanachigunde.

Chinyezi cha kunyanja chimafewetsa chikopa madzulo, ndiye pambali pa bwalo pazikhala kamoto ka udzu kowambira. Wambani chapatali, mukuzunguza ng'oma, mukuyesa ndi chala. Anyamata amakonda kuyandikiza kuti ilire kwambiri, kuiwala kuti ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika, ndipo mawuwa kwa wokunga ng'oma si mwambi chabe. Kuno ku Harare vuto ndi losemphana. Mzindawu uli pamtunda ndipo mpweya wa Ogasiti ndi Seputembala ndi wouma kwambiri, chikopa chimadzikunga chokha mpaka kuphulika chili m'nyumba, zikho nazo zimang'aluka. Kuno timamasula zingwe pang'ono tikatha kuvina, ndipo zikho timazisunga m'thumba la nsalu kutali ndi denga lamalata.

Zovala n'zoyera: malaya, kabudula, masokosi ofika m'maondo, nsapato zoyera, ndodo ndi kansalu ka m'manja. Kuyera kwake ndi theka la mpikisano. Zichapidwe kutatsala masiku awiri, ziviikidwe m'sitachi wa chinangwa, zisitidwe ndi simbi ya makala yopukuta bwino pansi, chifukwa kadontho kamodzi ka phulusa pa kabudula woyera kamaonekera kutsidya kwa bwalo. Pachifukwa chomwecho bwalo lisesedwe ndi kuwazidwa madzi kutatsala ola limodzi. Mukathira madzi ambiri ndi matope, mukapanda kuthira ndi fumbi, ndipo fumbi limalowa m'zikho ndi pakhosi pa oimba. Malipenga ndi gule wa mizere, amafuna malo oyenda kutsogolo ndi kubwerera, mapazi osachepera 30 m'litali. Pa nsanja ya matabwa yopangira bandi ya anthu asanu, boma limangopondaponda pamodzimodzi ngati likupuntha mapira.

Nthawi yabwino ndi kuyambira 3 koloko masana mpaka dzuwa kulowa, boma lililonse lipatsidwe mphindi zosachepera 30. Kulowa kokha kumadya mphindi zingapo, chifukwa amayambira patali mwakachetechete, mapazi aafupi, thupi lowongoka, nkhope yosaseka, kenako ng'oma n'kuyamba kutentha. Wodula boma pakati kuti mlendo wolemekezeka alankhule wachita chipongwe chimene chimakumbukika zaka.

Kulandira boma la alendo ndi nkhani ya m'khitchini. Tiyerekeze anthu 40 kwa masiku awiri. Munthu wovina amadya ufa pafupifupi theka la kilogalamu pa tsiku, ndiye mukufunika makilogalamu 40, tinene thumba lathunthu la 50 poganizira ongobwera. Ngati ndi kondowole, chinangwa chisendedwe ndi kuviikidwa masiku atatu mpaka asanu, nyengo yozizira kuposerapo, kenako chiyanikidwe chiume gwa chisanasinjidwe. Ntchitoyi iyambe kutatsala milungu iwiri. Chovuula msanga chimawawa ndipo chimadwalitsa, chouma mosakwanira chimachita nkhungu, nsima n'kuda. Ndiwo muzigule mdima usanathe n'kuziyanika, popeza tanena kale kuti pa mwezi wowala usipa umasowa ndipo mtengo umakwera. Nkhuni ziitanitsidwe nyanja ili bata. Zonsezi zimagwera amayi, amayi omwewonso ndiwo a chioda, tsono musawaike kuvina nthawi imene miphika ili pamoto.

Chioda chimachepetsedwa kawirikawiri, kuchiyesa chotsegulira bwalo amuna asanalowe. Kumeneko n'kusadziwa. Amayi ali ndi maboma awo, atsogoleri awo ndi nyimbo zawo, ndipo nyimbo za chioda ndizo nyuzipepala ya mudzi. Mwamuna wothera ndalama za usipa kumowa, wopita ku Joni osatumiza kalata, mtsogoleri wolonjeza zosachitika, onse amamva maina awo osatchulidwa. Gule ameneyu ndi wa bwalo lozungulira, ng'oma pakati, zitenje zofanana. Chitenje chigulidwe mpukutu umodzi nthawi imodzi, chifukwa mukagula theka lero theka mwezi wamawa mtundu umasiyana ngakhale maluwa ali amodzimodzi. Pa chioda chofunika kumveka ndi mawu, choncho ng'oma zikhale ziwiri kapena zitatu zokha, ndipo woyambitsa nyimbo aime kumene mphepo ikuchokera kuti mawu apite kwa anthu.

Mwina wina afunsa kuti masipika alakwanji. Maikolofoni imatola cholira kwambiri, ndipo cholira kwambiri ndi ng'oma yaikulu. Zikho 12 zimene zimamveka bwinobwino ndi khutu zimamira, otsala ndi phokoso la gu gu gu. Oimba zikho amayendanso ndi mzere, sangaime pa maikolofoni. Choipitsitsa n'choti masipika akalira nyimbo za m'tauni pakati pa boma ndi boma, makutu a anthu amagontha, boma lotsatira limamveka ngati udzudzu. Ngati pali woimba wa bandi, ayambe usiku magule atatha. Sipika imodzi yolengezera ndi yokwanira, izizima wenzulo ikangolira.

Sitikudana ndi zatsopano. Magetsi a dzuwa atawonjezedwa pa majenereta a dizilo, nyumba zoonetsera mpira ndi mafilimu zinachuluka, ndipo mnyamata ali ndi ufulu woonera Bullets, Wanderers kapena matimu a ku England. Kaputeni wanzeru salimbana ndi mpira, amaika pulakatisi pakati pa sabata madzulo, kawiri pa sabata kwa milungu 6 mwambo usanafike. Sitikudananso ndi tchalitchi. Tchalitchi cha St Peter's, chimene anayamba kumanga mu 1903 pa Chipyela n'kuchipatula mu 1911, ndicho sukulu yaikulu ya mawu pachilumba, ndipo Baibulo la m'Chinyanja cha ku Likoma limene Archdeacon William Percival Johnson anatsogolera kumasulira linatuluka mu 1912. Khutu lozolowera mawu anayi a kwaya silivutika kugawa zikho. Chofunika n'choti wa kwaya ndi kaputeni agawane masiku, asamakokerane anthu omwewo madzulo amodzi.

Foni nayo ingathandize ikagwiridwa bwino. Mavidiyo ambiri a malipenga amene amayenda pa WhatsApp ndi Facebook ndi a masekondi 30, ojambulidwa pafupi ndi ng'oma, mphepo ikuwomba m'maikolofoni. Wojambula aime mbali ya zikho, kutali ndi ng'oma yaikulu, msana wake utchinge mphepo, ndipo pa maikolofoni akulungepo kasiponji kapena kansalu. Foni igone chopingasa kuti mzere wonse ulowe, mapazi aoneke, chifukwa wophunzira amafuna mapazi osati nkhope. Ajambule nyimbo yonse kuyambira polowa, ndipo asanayambe atchule dzina la boma, mudzi, tsiku ndi wopeka nyimboyo. Nyimbo zimene Hugh Tracey anajambula ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1950 zikusungidwabe ku International Library of African Music ku South Africa, ndipo n'zothandiza lero chifukwa ankalemba malo, chaka ndi mtundu wa gule. Wailesi ya m'dera ndi sukulu za pachilumba zingathe kusunga zojambulazi, makope awiri pa malo awiri osiyana.

Mawu ena apite kwa anzathu a kunja, a ku Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku ndi Dzivarasekwa muno mu Harare, ndi a ku Joni omwe. Kuno anansi athu akamva ng'oma ya Amalawi amangoti zvigure, poganiza kuti gule wathu ndi Gule Wamkulu yekha, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005. Ana athu ambiri amayankhula Chishona, nyimbo amaziloweza osamva tanthauzo. Tsono tikamatumiza thandizo kwathu tizitumiza chimene boma limasowadi: nsalu yoyera yolimba, pafupifupi mamita atatu pa munthu wamkulu, masokosi aatali, nsapato zoyera, chingwe cha nayiloni chokungira ng'oma, mawenzulo, ndi ndalama za mafuta a bwato lokatenga alendo. Matisheti olembedwa maina a wopereka asatumizidwe, malipenga savinidwa ndi tisheti. Ndalama zipite kwa msungichuma wa boma pamaso pa kingi ndi mboni ziwiri, zilembedwe m'kope, osati kwa mlamu wanu chifukwa choti ndiye ali ndi foni. Ndipo pa munda uliwonse wa wovina pakhale mapando asanu a zikho za khosi lalitali, njere zisungidwe m'phulusa, chifukwa zimene zimagulitsidwa m'misika, ngakhale ku Mbare Musika kuno, zambiri n'zozungulira zomwera, za lipenga zimapezeka mwa apo ndi apo.

Pomaliza tipempha inu Akonzi, pamodzi ndi mafumu ndi akuluakulu a maboma a gule, kuti tsiku la mpikisano lizilengezedwa kutatsala miyezi iwiri. Wochokera ku Harare amakwera basi yodzera ku Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa Malawi pa Mwanza n'kufika ku Blantyre, limenelo ndi tsiku lathunthu ngati pa zipata payenda bwino. Kuchoka apo kukafika ku Nkhata Bay ndi tsiku lina, kenako kudikira tsiku la sitima. Kupita ndi kubwerera ndi milungu iwiri, ndipo tchuthi cha milungu iwiri bwana sapereka ukamuuza Lachisanu. Chilengezocho chinene tsiku, bwalo, maboma amene avine, ndi tsiku limene sitima inyamuke ku Nkhata Bay.

Ndife anu,
Opanga malipenga ndi okunga ng'oma,
Mbare, Harare